Chingwe cha Hawa ndi Kabokosi ka a Madamu

Chingwe chimene tinkaphunzirira masamu chaka chimenecho chinkanunkha usipa. Chinali chingwe chakale cha ukonde wa chilimira, chobiriwira, chothothoka ulusi m'mbali, ndipo ngakhale a Madamu, aphunzitsi athu, anachichapa ndi sopo kawiri konse, fungo la nyanja linakana kuchoka. Ukachigwira m'mawa, manja ankanunkha mpaka poweruka, ndipo fungolo linkalowa m'makope ndi m'chinangwa chimene tinkatafuna pa buleki. Mpaka lero ndikamadutsa pamene asodzi ayanika maukonde, chimene chimandibwerera m'mutu si nsomba ayi, koma ngodya ndi mizere.

Ndinali mu Sitandade 8 pa sukulu ina yapulaimale kufupi ndi Senga Bay. Mvula inali itangosiya, udzu ukuyamba kufiira, ndipo mwera unali utayamba kuwomba m'mawa, kulowa pa mazenera opanda magalasi n'kumatiwazira mchenga m'maso. Mayeso a boma anali atatsala milungu isanu. M'kalasi tinalimo ambiri moti a kumbuyo ankaona bolodi kudzera m'makhwapa mwa anzawo. Mayesowo ankabwera m'Chingerezi, ndiye dzina la mzere uliwonse ndi ngodya iliyonse tinkayenera kulidziwa m'Chingerezi momwemo.

Aphunzitsi athu a masamu anali a Madamu Chikuse, mayi wamfupi wochokera kumapiri a ku Ntchisi, amene ankaopa madzi moti sanapondepo m'bwato. Ankaphunzitsanso mpira wa manja, choncho wezulo sinkachoka m'khosi mwawo. Lolemba lina anajambula chozungulira pabolodi, anadula mzere pakati pake, n'kufunsa dzina la mzerewo. M'kalasi monse dzanja lokwezedwa linali langa lokha. Anatiyang'ana nthawi yaitali, anatseka buku, n'kupukuta choko m'manja mwawo.

"Tulukani nonse," anatero. "Ngati mitu yakana, tiyesa miyendo."

Bwalo la mpira wa manja linali kuseri kwa kalasi yathu, pafupi ndi mitengo iwiri ya mango, ndipo mizere yake inali yaphulusa. Tinali titathamangapo zaka zonsezo osadziwa kuti tikupondaponda masamu. A Madamu anatiimika pa kamzere kozungulira kapakati pa bwalo n'kutiuza kuti imeneyo ndiyo seko. Anaika mtsikana wina pakatikati n'kumuuza kuti ayende kufika m'mphepete, ndipo ulendo wakewo unali rediyasi. Wina anadula kuchokera mbali ino kukafika mbali inayo kudzera pakati, ndiyo dayamita imene inatikanika pabolodi ija. Dzina lililonse tinkalifuula katatu, mpaka mbuzi za a mlonda zinathawira kumanda.

Masewera oyamba anali a mikono. A Madamu ankaimba wezulo n'kutchula ngodya, ife n'kuipanga ndi mikono yathu. Akati "rayiti engo", mkono wina unkaloza kumwamba, wina kumbali, ngati ngodya ya chitseko. Akati "akiyuti" tinkapanikiza mikono kuti ngodya ichepe, ndipo akati "obutyuzi" tinkaiyasamitsa ngati msodzi wonamizira kukula kwa kampango amene wamupulumuka. Wolakwitsa ankakhala pansi. Anyamata aatali amene ankatiopseza panjira ndiwo ankagwa moyambirira, n'kumang'ung'udza pamchenga kuti wezulo yawasokoneza.

Lachitatu linali tsiku la thumba. A Madamu ankabwera ndi thumba lakale la ufa, m'kati mwake muli chitini cha mkaka, bokosi la machesi, ndimu ndi fanelo yothirira parafini. Unkapisa dzanja utatsinzina, kugwira chinthu chimodzi, n'kutchula dzina lake la m'masamu usanachitulutse. Chitini chinali silinda, bokosi la machesi linali kiyuboyidi, ndimu inali sifiya. Ndimuyo sinkatha mlungu, chifukwa wina ankaiboola ndi chikhadabo n'kumanyambita zala mobisa, mpaka a Madamu anatopa n'kuikamo kampira kachikulunga.

Lachisanu ndilo linali la chingwe chija. Tinkagawidwa m'magulu, gulu lililonse ndi chidutswa chake. Wezulo ikalira, dzina likatchulidwa, tinkathamanga kukaima ngati zikhomo, chingwe chili m'manja, kuti tipange thirayango, sikweya kapena pentagoni ya ngodya zisanu. Panali kukokana, kupondana zala ndi kutukwanizana chapansipansi. Aphunzitsi a makalasi ena ankasuzumira pa zenera, ena akuti mayiwa akuwatayitsa nthawi ana. Koma pomatha milungu iwiri, ngakhale panjira yobwerera kunyumba tinkalozerana kuti mawaya a magetsi ndi paralelo chifukwa sakumana, ndipo masipoko a njinga onse ndi marediyasi.

Chimene chinatenthetsa masewerawa chinali kabokosi. Kanali kachitsulo, katsopano, ndipo kankatseguka ndi kaphokoso kokoma kakuti kha. M'kati mwake munali kampasi yojambulira seko, inzake ya miyendo iwiri yosongoka imene tinkati divayida, kapulasitiki kopimira ngodya kotchedwa polotirakita, timathirayango tiwiri tapulasitiki, rula yaifupi ndi labala. A Madamu anakakweza m'mwamba kuti ngakhale a kumbuyo akaone. Anati Lachisanu la mlungu wachinayi kudzakhala mpikisano, ndipo wopambana adzakatenga kuti akalowe nako m'mayeso.

M'chipinda cha mayeso kubwerekana kunali koletsedwa, ndipo m'kalasi yonse amene anali ndi zipangizo zawozawo sankakwana khumi. Ine ndinalibe. Bambo anga ankapalasa kabaza pakati pa Salima ndi Senga Bay, ndipo anali atalonjeza kundigulira kabokosi konga kameneka mwezi ukatha. Koma ine, ndi pakamwa panga posagwira loko, ndinawauza kuti asavutike.

"Ababa, gulani tayala lanu lija. Kabokosi ndikatenga ka a Madamu."

Anandiyang'ana, anaseka, ndipo tayalalo anaguladi. Kuyambira tsiku limenelo nkhani sinalinso yongofuna kutchuka. Ndikanaluza, ndikanalowa m'mayeso ndi pensulo yokha, komanso ndikanasowa poika nkhope pamaso pa bambo anga.

Kunena zoona, sindinkaopa. Anzanga ankanditcha Wailesi chifukwa pakamwa panga sipankatha mabatire. Mawu a Chingerezi ankakakamira m'mutu mwanga ngati chisoso pa siketi, ndipo ndinkawaimba pa mjigo, potsuka mbale ndi posesa pabwalo, mpaka amayi ankandithamangitsa kuti ndikalongololere nkhuku. Pa masewera a thumba ndinkatchula dzina dzanja lisanafike ndi pansi pomwe. Ndinalinso katswiri wonong'oneza. Mnzanga akakanika funso, ndinkatha kumutsina khutu milomo yanga osagwedezeka, a Madamu ali pomwepo osamva kanthu.

M'gulu lathu la chingwe munali Hawa. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri, wamtali, ndipo ankabwereza kalasi. Ankakhala kumbuyo kwenikweni, mpango wake wotuwa utaphimba mpaka m'mapewa, ndipo mawu ake ndinali nditawamvapo mwina katatu chaka chonse. Zikhatho zake zinali zolimba ngati za mwamuna. Bambo ake anali msodzi, ndipo nyengo imeneyo anali atapita kukagwira ntchito ku chilumba cha Mbenji, kumene akazi sapondako, choncho ntchito yonse yoyanika usipa inatsalira Hawa ndi mayi ake. N'chifukwa chake ankajomba kawirikawiri, ndipo masiku amene tinaphunzira za mizere ya m'kati mwa rekitango iye kunalibe.

Hawa akamva dzina, thupi lake linkadziwa chochita. Chimene chinkamukanika chinali kulitulutsa dzinalo pakamwa. Pa masewera a chingwe sankalankhula, ankangobwera kumbuyo kwako, kukugwira phewa n'kukusuntha pang'ono, kenako kupita kwa wina. Pomwe wezulo imalira, sikweya ya gulu lathu inali itaima bwinobwino pamene za ena zinali zopendama ngati khola lagwa ndi mphepo. A Madamu akafunsa dzina ndi makhalidwe ake, ine ndinkayankha mokweza, ndipo m'manja ankaombera ine. Ndinkaona kuti n'zoyenera ndithu, ndipo tsiku lina ndinadandaulira mnzanga kuti gulu lathu likanakhala lopepuka pakanapanda Hawa.

Lachisanu la mpikisano kunacha ndi mwera wamphamvu. Masamba a mango ankauluka pabwalo, ndipo phulusa la mizere linkafumbuka moti anyamata anachita kuthiranso lina. Ana a Sitandade 6 ndi 7 anatulutsidwa kuti adzaonerere, n'kukhala mozungulira bwalo mawondo ali m'chifuwa chifukwa cha kuzizira. Kabokosi kanaikidwa pa mpando pakati pa seko, mwala uli pamwamba pake ngati kuti kangauluke. Tsiku limenelo a Madamu sanabweretse thumba. Tinayamba ndi masewera a mikono, kenako othamanga, oti dzina likatchulidwa ukaime pa chinthucho pabwalopo.

Anthu anagwa ngati mango a m'mvula. Wezulo inkalira mofulumira kuposa masiku onse, ndipo a Madamu ankatchula ngodya imodzi kawiri motsatizana kuti akole othamangira kusintha. Tinatsala khumi, kenako anayi, kenako awiri. Nditacheuka kuti ndione amene ndatsala naye, ndinapeza kuti ndi Hawa, ataima phee, mpango ukupepesuka. Ndinatsala pang'ono kuseka. Mumtima ndinati kabokosi kalowa kale m'chikwama changa.

A Madamu anatipatsa aliyense zikhomo zinayi, mwala wokhomera, nsungwi yopimira ndi chidutswa cha chingwe. Anationetsa zitsekerero zitatu za mabotolo zimene zinali m'dzanja lawo. Chimodzi chinali cha amene amange bwino, ndipo ziwiri zinali za mafunso awiri a mayina. Lamulo la mafunso tonse tinkalidziwa kuyambira tsiku loyamba: ukalephera kutchula dzina iwo atawerenga kufika khumi, funso linkapita kwa mnzako.

"Mundimangire rekitango pamchengapa," anatero. "Nsungwi zitatu m'litali, ziwiri m'lifupi."

Ndinagwira ntchito ngati ndikuthamangitsidwa. Ndinakhoma chikhomo choyamba, ndinapima nsungwi zitatu, ndinakhoma chachiwiri, ndinakhota, ndinapima ziwiri, mpaka zikhomo zonse zinayi zinaima. Ndinazunguliza chingwe, ndinapimanso mbali zonse kuti anthu aone kuti zoyang'anizana n'zofanana, kenako ndinakweza dzanja. Anzanga anayamba kuimba dzina langa. Ndinaima manja ali m'chiuno, ndikuyang'ana Hawa ndi chisoni chonamizira.

Iye anali asanafike ndi pakati pomwe. Ndinamumva akuti "Bisimila" chapansipansi pokhoma chikhomo choyamba, koma zinazo anangozibaya pang'ono osazikhomerera. Atapima mbali zonse, anachita chinthu chimene palibe anamuuza. Anamanga chingwe pa chikhomo chimodzi n'kuchikoka kudutsa pakati mpaka pa chikhomo cha ngodya yakutali, n'kugwira pamene chafika ndi chala chachikulu. Kenako anachimasula, anakachimanga pa ngodya ina, n'kuchikokanso mopingasa. Chala chake sichinafike pa chikhomo. Anazula zikhomo ziwiri, anazisuntha pang'ono, anapimanso mbali, n'kukokanso chingwe. Anachita zimenezi katatu, ana akuseka kuti waiwala funso, mpaka chala chinagwera pa chikhomo mbali zonse ziwiri. Apo m'pamene anatenga mwala n'kukhomerera.

A Madamu anazungulira rekitango ya Hawa. Kenako anabwera pa yanga n'kundifunsa kuti ndadziwa bwanji kuti ngodya zanga ndi marayiti engo. Ndinayankha molimba mtima kuti ndi marayiti engo chifukwa imeneyi ndi rekitango, ndipo rekitango imakhala ndi marayiti engo anayi. Anagwedeza mutu, anabwereka chingwe cha Hawa, n'kuchikoka mopingasa pa zikhomo zanga monga anachitira iye. Mbali ina chinakwana, koma mbali inayo chinaperewera ndi mkono wathunthu. Nditabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana bwino, ndinaona chimene aliyense anali ataona kale, kuti chimene ndinamanga chinali chopendekera kumodzi ngati chikukankhidwa ndi mwera. Chitsekerero choyamba chinalowa m'dzanja la Hawa.

Funso loyamba linapita kwa iye, poti ndiye anali patsogolo. A Madamu analoza chingwe chimene chinali chigonere mopingasa pamchenga n'kufunsa dzina la mzere umenewo.

"Kwathu timangoti chingwe chopingasa, Madamu," anatero Hawa, mawu ali pansi.

"Ndamva, mwanangu. Koma pa pepala la mayeso adzalemba dzina lina. Ndi liti?"

Anayamba kuwerenga, ndipo sindinawamvepo akuwerenga pang'onopang'ono ngati tsiku limenelo. Ine ndinali nditaima pafupi ndi Hawa moti mpango wake unkandikhudza pamkono. Atafika pa faifi, Hawa anandiyang'ana chammbali. Sanapemphe, anangondiyang'ana basi. Dzinalo linali pa nsonga ya lilime langa, ndipo kulinong'oneza kukanakhala kosavuta ngati kupuma, koma ndinaona tayala latsopano la bambo anga m'maso mwanga. Ndinaluma mlomo n'kuyang'ana kumitengo ya mango. A Madamu atangoti teni, ndinafuula kuti "Dayagonolo!" mpaka ana a kutsogolo anadzidzimuka.

Tinafanana, chimodzi chimodzi. A Madamu anatembenuza chitsekerero chotsalacho m'zala. Kenako analoza chinthu changa chopendekera chija n'kufunsa Hawa kuti, poti si rekitango, dzina lake n'chiyani. Ndikhulupirira ankafuna kumupatsa mpata, chifukwa dzina limeneli tinkalimva Lachisanu lililonse ndipo Hawa ankadziwa kulimanga. Milomo yake inagwedezeka, inayamba, koma mawu sanatuluke. Kuwerenga kunatha.

"Paralelogiramu!" ndinatero ine.

Umu ndi mmene ndinapambanira, potchula dzina la kulakwitsa kwanga komwe. Anzanga anandinyamula, ena akuimba nthungululu. A Madamu anandipatsa kabokosi ndi manja awiri, koma nkhope yawo sinaseke, ndipo ine ndinaganiza kuti atopa ndi mphepo. Hawa anali atagwada akuzula zikhomo zake n'kumakulunga chingwe bwinobwino pa chigongono. Ndinathamangira kunyumba ndikutsegula ndi kutseka kabokosi njira yonse kuti ndizimva kaphokoso kaja. Bambo anga atabwera analiza belu la njinga pabwalo mpaka anthu oyandikana nafe anatuluka, ndipo ndinawafotokozera zonse kupatula za chingwe choperewera.

M'mawa mwake, Loweruka, amayi anandituma kukagula usipa wa ndiwo kugombe. Dzuwa linali litakwera, mchenga ukuyamba kutentha kumapazi, ndipo ntchentche zinali ng'waa pa mathandala oyanikapo nsomba. Ndinapeza Hawa ndi mayi ake akumanga thandala latsopano, chifukwa lakale linali litagwa ndi mwera wa dzulo lake. Mafoloko anayi, mitengo yamphanda ya m'ngodya, anali ataimikidwa m'maenje osakwirira. Mayiwo anagwira chingwe pa foloko imodzi, Hawa n'kuchikoka mopingasa, chala chachikulu chili pomwepo, ndendende monga anachitira kusukulu.

Ndinkafuna kuzemba, koma mayi ake a Hawa anali atandiona kale. Anandiitana, anandipatsa moni ngati munthu wamkulu, n'kundiuza kuti ndigwire foloko ina kuti isapendame. Akukwirira dzenje ndi phazi, anandifotokozera kuti thandala lopendekera silikhalitsa. Mphasa siigona bwino pamwamba pake, ngodya ina imalendewera, usipa umagwera mumchenga, ndipo mphepo ikabwera imangolipotokola. Anati iwo anaphunzira kukoka chingwe chotero kwa amayi awo, ndipo palibe pagombe lonselo amene angakwirire mafoloko asanapingase chingwe.

"Ndiwe mwana wa a kabaza uja eti?" anatero. "Hawa wandiuza kuti mnzake watenga kabokosi chifukwa ali ndi mutu. Alihamudulila, kapita kwa woyenera. Uzimuthandizako mnzakoyu, lilime lake ndi lolemera."

Ndikanakonda akanandikalipira. Manyazi anandigwira kuyambira kumapazi, ndipo ndinayang'ana Hawa kuti mwina anena zoona zake, koma iye anali kalikiliki kumanga mtanda ndi luzi. Ndinalandira usipa, ndinakausiya kunyumba, ndinatenga kabokosi pansi pa pilo n'kubwereranso kugombe. Njira yonse ndinkakambirana ndi mtima wanga za chimene ndingapereke osamva kuwawa kwambiri.

Tinakhala pamthunzi wa thandala latsopanolo n'kukhuthulira zonse pa chitenje. Ndisaname, ndinagawa ngati mwana wogawa chigumu chake. Kampasi ndinatenga ine, polotirakita ine, rula ine, kabokosi komwe ine. Hawa ndinamupatsa kathirayango kamodzi, theka la labala limene ndinadula ndi mano, ndi divayida, imene ndinkaiona ngati yopanda ntchito poti inalibe poika pensulo. Anaitembenuza kangapo m'manja. Kenako anatola ulusi wa ukonde pamchenga, anatenga kapensulo kake kakafupi, n'kukamangirira ku mwendo umodzi wa divayidayo ndi mfundo zing'onozing'ono za asodzi. Anabaya mwendo winawo pa chikuto cha kope langa n'kuzunguliza, ndipo panatuluka seko yosalala kuposa imene ine ndinajambula ndi kampasi yeniyeni.

"Zikomo, Wailesi," anatero, ndipo kanali koyamba kumuona akuseka mano onse.

Mlungu wotsalawo ndinkapita kugombe tikaweruka. Tinkachita masewera a a Madamu awiriwiri pakati pa mathandala, uku tikutembenuza usipa ndi kuingitsa akhwangwala. Ine ndinkajambula chinthu pamchenga, iye n'kutchula dzina, ndipo popanda gulu lomuyang'ana mayina aja ankatuluka, mwina mopunduka koma ankatuluka. Iye ankandipatsa chingwe ndi zikhomo kuti ndimange, n'kumandigwira phewa kundisuntha ndikapendeketsa. Dzina lakuti dayagonolo ndinamubwerezetsa kambirimbiri mpaka mayi ake analigwira, n'kumatiseka nalo akafuna kuti tiwapatsire chingwe.

Mayeso tinalemba m'chipinda chozizira, mabenchi atatalikirana, oyang'anira achilendo akuyendayenda ndi nsapato zolira. Tsiku la masamu ndinacheuka kamodzi kokha, ndipo ndinaona Hawa kumbuyo atawerama, divayida yake ya ulusi ikuzungulira papepala. Panalinso funso lopima ngodya, ndipo polotirakita inali pa benchi langa. Tonse awiri tinakhoza. Ine ndinasankhidwa kupita ku sekondale, iye dzina lake silinatuluke pa osankhidwa, ndipo chaka chotsatira sanabwererenso kusukulu.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo mayeso akayandikira nanenso ndimatulutsa ana panja ndi wezulo, thumba ndi chingwe. Masewerawa amagwira ntchito, ndawaona akudzutsa ana amene bolodi linawagonetsa. Ndinangosintha lamulo limodzi: kwa ine womanga bwino amatenga zitsekerero ziwiri, ndipo amene dzina lamukanika amaloledwa kufunsa mnzake poyera. Nkhope ya a Madamu Chikuse ija ndinadzaimvetsa nditaima ndekha kutsogolo kwa ana. Sikunali kutopa ndi mphepo ayi. Anali atakodwa mu lamulo lawo lomwe, akuona mwana wodziwa chinthu akuluza kwa mwana wodziwa dzina lake.

Hawa ali ndi mathandala akeake tsopano, ndipo usipa wake umakwera minibasi kupita ku Lilongwe. Ndikapita kwathu ndimakamuona, ndipo amanditchabe Wailesi pamaso pa ana anga. Divayida ija akadali nayo, yachita dzimbiri, amamasulira mfundo zolimba za maukonde. Za tsiku la mpikisano sanazitchulepo ngakhale kamodzi. Ndili mwana ndinkayenda chonyang'wa, ndikudziona ngati munthu wamtima wabwino amene anagawira mnzake zinthu zake. Panopa ndikudziwa kuti tsiku lija pansi pa thandala ndinangomubwezera kachigawo kakang'ono ka zinthu zake, ndipo zotsalazo iye anandisiyira n'kunenanso zikomo.